Kusintha kamshafti pa Benz yakale: ndi ntchito ya masiku angati, ndipo leba yoyenera ndi iti?

Membala wosatchula dzina:
Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru. Ndili ndi Mercedes-Benz W123 ya 1982 imene malemu bambo anga anagula ku South Africa. Atamwalira inakhala kwa achimwene anga aakulu, amene ankaibwereketsa pa maukwati osalabadira za oyilo, mpaka anadzandisiyira pakhomo n'kunena kuti ndilo gawo langa la chuma cha masiye. Panopa injini ikamalira imagogoda pamwamba, ndipo pa chitunda imasowa mphamvu. Makaniko woyamba anatsegula chivundikiro, n'kundionetsa kuti kamshafti, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu a injini, yadyeka, ndipo akuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Wachiwiri akuti ndi ya mlungu wathunthu, ndipo leba yake ikuposa katatu ya woyamba uja. Mayi a kunyumba akudandaula kuti galimotoyi yatenga malo oyanikira zovala, eni nyumba akuti oyilo akudetsa pabwalo, pomwe ine ndikufuna kupita nayo ku Ntcheu mwezi wamawa pa mwambo wa chiliza cha bambo. Kodi ndani mwa awiriwa akunena zoona?

Mwini malole wa ku Kanengo:
Achimwene, musataye ndalama zanu. Galimoto ya zaka zoposa 40 siikonzedwa pang'onopang'ono, chifukwa mukatseka apa pamatseguka ena. Chotsani injini yonseyo muike ya Toyota, imene masipeya ake mungawapeze pa msika uliwonse. Ndakhala ndi magalimoto kwa nthawi yaitali ndipo ndikudziwa chimene ndikunena.

Makaniko wopuma pa ntchito:
Bambo, mwatiuza zambiri koma simunatiuze injini imene ili m'galimotoyo, ndipo yankho lonse lagona pamenepo. W123 inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986 ndi mainjini osiyanasiyana. Ya 200 ndi 230E ndi za petulo za masilinda anayi, 240D ndi 300D ndi za dizilo, ndipo zonsezi zili ndi kamshafti imodzi pamwamba pa hedi, mutu wa injini umene uli ndi mavalavu. Koma 280 ndi 280E zili ndi injini ya M110 ya masilinda 6, yokhala ndi makamshafti awiri m'chibokosi chakechake cha aluminiyamu. Pa injini ya kamshafti imodzi, ngati masipeya onse ali pa tebulo ndipo palibe bawuti yothyoka, mwa kuona kwanga tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka ndi lokwanira. Pa M110 ndingawerengere masiku awiri kapena atatu, popeza zomasula n'zambiri ndipo makamshafti onse awiri ayenera kugwirizana ndi tcheni yowazungulitsa pa zizindikiro zake.

Mwini malole wa ku Kanengo:
Madala, mawu anuwo ndi a m'buku. Masiku atatuwo adzasanduka miyezi itatu akamadikira masipeya, ndipo ndalama zakunja zikuvuta. Ndabwereza kale kuti yankho ndi injini ya Toyota.

Mayi wa ku Chilomoni:
Ine chikundiwawa ndi khalidwe la achimwene anuwo. Amene anadyerera ndalama za maukwati ndiye alipire kamshaftiyo, ndipo inu mwalakwa kulandira galimoto yakufa osaitanitsa amalume kuti akambe za mtengo wokonzera.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Zimenezi zinandigwera pa 240D yanga. Makaniko wina anandipezera kamshafti yogwirapo kale ntchito, anaiika pa ma rocker arm (tizitsulo timene kamshafti imakankha potsegula mavalavu) akale omwe anali atakumbika, ndipo anandilipiritsa leba yochepa moti ndinkaona ngati ndachita mwayi. Sipanapite nthawi kugogoda kunayambiranso, ndipo titatsegula tinapeza nsonga za kamshafti ija zitakandika ngati zapalidwa ndi tupa, tizidutswa tachitsulo tili mbuu mu oyilo. Ndinalipira kawiri ntchito imodzi. Wa tsiku limodziyo mufunseni ngati akusinthanso ma rocker arm, chifukwa zitsulo ziwirizi zimadyana ndipo chatsopano sichikhalitsa pa chakale chokumbika.

Mwini malole wa ku Kanengo:
Mwamva nokha umboni wa aphunzitsiwa. Akanaika ya Toyota sakanalipira kawiri.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Bambo, musagwiritse ntchito tsoka langa pokometsa maganizo anu. Galimoto yanga ikuyenda mpaka lero ndi injini yake yomwe ija. Kodi mwawerengera ndalama zolumikizira giyabokosi, kuwotcherera miyendo ya injini, kukonza mawaya ndi kusintha zikalata za galimoto? Zimenezo zimaposa kamshafti kutali, ndipo wofunsayu akufuna galimoto ya bambo ake monga anaisiyira.

Dalaivala wokhala ku Johannesburg:
Akulu, magalimoto a mtundu umenewu ankalumikizidwanso ku East London, mzinda wa kuno ku South Africa, choncho masipeya ake kuno amapezekabe, atsopano ndi a m'malo ophwasulira magalimoto. Koma wogulitsa aliyense adzayamba wafunsa nambala ya injini. Musasakanize nthawi yodikira katundu ndi nthawi yogwira ntchito. N'kutheka kuti mlungu wa makaniko wachiwiriyo waphatikizamo kudikira, ndipo masiku amene galimoto yangoima simuyenera kuwalipira ngati leba. Kumbukiraninso mtengo wotumizira ndi msonkho wa pa chipata.

Wokonda magalimoto akale:
Nonsenu mukuiwala oyilo. Mainjini akalewa amafuna oyilo wokhala ndi zinc wokwanira, amene amachepetsa kudyana kwa zitsulo, chifukwa kamshafti imakhula chitsulo mwachindunji. Oyilo wogula m'mabotolo a m'mbali mwa msewu ndiye wapha injini zambiri.

Makaniko wopuma pa ntchito:
Za oyilo n'zoona, koma chofunika kwambiri n'kupeza chimene chinadyetsa kamshaftiyo. Ngati njira zobweretsa oyilo pamwamba zatsekeka ndi litsiro, yatsopanoyo idzatha chimodzimodzi. Pemphani kotesheni yolembedwa, masipeya paokha ndi leba payokha. Pa masipeya pakhale kamshafti, ma rocker arm, gasiketi ya chivundikiro, oyilo ndi fyuluta. Pa leba pakhale kutsuka njira za oyilo, kuyeza ngati tcheni yatamuka poyerekeza chizindikiro cha pa kamshafti ndi madigiri a pa pule ya kutsogolo, ndi kutchera mipata ya mavalavu injini ili yozizira. Tcheni ndi tenshona (chokungira tcheni) zikhale pa mzere wina, kuti muzilipire pokhapokha zitapezeka zotha. Asanalize injini aizungulitse ndi dzanja, popeza taimingi ikaphonya mavalavu amagundana ndi mapisitoni, ndipo pamenepo hedi iyenera kutsika.

Mwini malole wa ku Kanengo:
Mndandanda wonsewo ukungotsimikiza mawu anga. Mudzandikumbukira mukadzaima pa msewu wa ku Ntcheu.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Achimwene ndawaimbira ndipo akana kuthandizapo, akuti galimoto inawonongeka ili kwa ine. Manambala a kumbuyo kwa buti osonyeza mtundu wa galimoto anagwa kalekale, koma galimotoyi ndi yoyera ndipo mipando yake ikadali yabwino kwambiri. Ndiye ndisankhe makaniko uti?

Makaniko wopuma pa ntchito:
Bambo, musasankhe aliyense lero. Tiuzeni ngati mumathira petulo kapena dizilo, kenako tsegulani boneti mupukute pa buloko pamene anadinda nambala ya injini. Manambala atatu oyamba akakhala 102, 616 kapena 617, kamshafti ndi imodzi. Akakhala 110, ndi awiri, ndipo mufunse makaniko woyamba uja ngati mtengo wake ndi wa onse awiri kapena wa imodzi yokha imene anakuonetsani.