Zibangili zamkuwa zagwira nsalu pamkono wa malemu: tinyamule bwanji mvula isanatipeze?

Wofukula wa kuchigwa, Lachiwiri madzulo

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera ndi vuto ndipo nthawi yandithera. Tili pa ntchito yopulumutsa zakale pamalo pamene akontirakitala akufuna kukumba dothi la msewu. Pali chitunda chachifupi, msinkhu wake sufika m'chiuno, m'lifupi mamita ngati 12. Anthu a m'mudzi amangoti ndi chulu chakale. Katapila itadula mbali ya kumadzulo kunaoneka mapale ndi phulusa, ntchito inaima, ndipo ife titatsegula ngalande tapeza manda amodzi. Chilolezo cha boma tili nacho. Amfumu ndi akuluakulu a mudzi anabwera, anachita mwambo wawo, natilola kupitiriza.

Malemu agona chammbali, miyendo yopinda. Mafupa ambiri afumbwa, ukangowakhudza ndi burashi akunyenyeka. Koma mkono wamanzere, kuchokera pachigongono kufika padzanja, wadzaza zibangili za waya wamkuwa wopota. Ndawerenga 14 zoonekera. Fupa la pamenepo labiriwira ndipo n'lolimba. Pakati pa zibangili ziwiri pali kanthu kakuda, kukula ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo ndi galasi lokulitsa ndikuona ulusi wopingasana. Ndi nsalu, anzanga. Manja akundinjenjemera.

Mafunso anga ndi awiri. Ndichotse bwanji mkonowu osawononga? Chachiwiri, ndalama zimene tili nazo zikwanira kuyeza zaka pa zinthu ziwiri zokha. Makala ndatola ambiri m'chitundamu, kodi nditumize amenewo? Mitambo yayamba kusonkhana ndipo akontirakitala atipatsa mpaka Loweruka.

Wa mapale

Achimwene, poyamba phimbani ndi lona usiku uno, koma isagunde pansi, ikani mitengo. Kumbani kangalande kozungulira kuti madzi asalowe m'dzenje. Ine ndikanathira Paraloid B-72, guluu wolimbitsira zinthu zakale, yosungunula pang'ono kuti zonse zigwirane, kenako n'kumachotsa chibangili chimodzichimodzi. Pa mbiya zosweka imandithandiza kwambiri.

Mayi wa kulabu

Za lona ndikuvomereza. Za Paraloid ayi, chonde, musathire ngakhale dontho pafupi ndi nsaluyo. Mankhwala amenewo ali ndi kaboni wakewake, ndipo akalowa mu ulusi asokoneza kuyeza zaka, poti poyeza zaka amayeza kaboni wa mu ulusiwo. A labu ena amayesa kuwatsuka, koma pa kachidutswa kochepa chonchi mutaya zambiri. Komanso chibangili chimodzichimodzi ayi. Mukasuntha chimodzi, nsalu ing'ambika, ndipo dongosolo la momwe malemu anavalira litayika.

Chimene chasunga nsaluyo ndi dzimbiri lobiriwira lomwelo. Mchere wa mkuwa umapha tizilombo timene timaoletsa zinthu, n'chifukwa chake ulusi ndi fupa zatsala pokhapo pamene zinakhudzana ndi zibangili, kwina konse kwatha. Ndiye chobiriwiracho musachiyese litsiro. Zaka zapitazo ndinalandira bokosi la zibangili kuchokera kumalo ena, munthu wina wofuna kuthandiza atazikwecha ndi mandimu ndi mchenga kuti ziwale. Zinafika zonyezimira. Pansi pa bokosi ndinangopeza fumbi lakuda ndi timaulusi tiwiri titatu. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa nsalu ya munthu ameneyo inakhala m'nthaka zaka mazana, n'kuthera m'beseni tsiku limodzi.

Nyamulani mkono wonse pamodzi ndi dothi lake, chibuma chimodzi. Jambulani kaye zithunzi zambiri, kandodo koonetsa muyeso ndi muvi wa kumpoto zili pomwepo, ndipo lembani mapu a mafupa onse. Kenako kumbani mozungulira, kusiya dothi la masentimita 8 kapena 10 mbali zonse, mpaka mkonowo utsale pa kachitunda kake. Pamwamba yalani pepala lofewa lopanda asidi, pamwamba pake pulasitiki yopyapyala ija yokutira chakudya, kenako foyilo. Mukatero kulungani ndi mabandeji a pulasitala, omwe aja amamangira munthu wothyoka mwendo. Musawanyowetse kwambiri, finyani madzi. Akauma, lowetsani chitsulo chopyapyala pansi pang'onopang'ono, wina akudula dothi ndi mpeni patsogolo pake. Nyamulani awiri, ikani pa thabwa, musatembenuze. Lembani pa pulasitalapo kumene kuli chigongono ndi kumene kuli dzanja.

Njira imeneyi si yachilendo. Ku Denmark mu 1921, atapeza bokosi la mtengo wa oak m'chitunda cha ku Egtved, analitengera ku Copenhagen kukalifufuza bwino m'nyumba. Zovala za mtsikana amene anaikidwa m'bokosilo zilipo mpaka lero, ndipo mtengo wa bokosilo unaonetsa kuti unadulidwa mu 1370 BC. Ntchito yosakhwima imafuna tebulo ndi nyale, m'dzenje muli mphepo ndi anthu oonerera.

Wofukula wa kuchigwa

Zikomo amayi, ndamva. Mabandeji ndikagula mawa m'mawa ku famase ya paboma. Nanga dothilo ndi lonyowa pang'ono, ndilisiye liume kaye?

Mayi wa kulabu

Lisaume msanga, nsalu ingakhwinyate n'kusweka. Lisakhalenso lotsekeredwa ndi chinyontho kwa masabata, chifukwa lichita nkhungu ndipo mkuwa uyamba kudwala. Mukaona ufa wobiriwira motuwa ukutuluka ngati chikanga, dziwani kuti mchere wa kloraidi wayamba kudya chitsulo. Choncho chibumacho chikhale pamthunzi, pozizira, ndipo chifike kwa ife m'masiku ochepa. Tikachijambula ndi X-ray tisanatsegule. Tikachotsa nsalu ndi fupa, zibangili zokha ndi zimene tiziike m'bokosi lotseka, momwe muli silica gel yoyamwa chinyontho.

Agogo opuma pantchito

Mwana wanga, za kunyamula akuuzani bwino. Ine ndiyankhe za makala, chifukwa pamenepo ndi pamene tinapunthwa kale m'dera lathu lino.

Mukudziwa Ingombe Ilede, kufupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi ku Zambia. Manda a kumeneko anaonekera mu 1960 anthu akukumba maziko a thanki ya madzi, ndipo J. H. Chaplin anapita kukapulumutsa mofulumira, monga mukuchitira inumu. Brian Fagan anadzakumbanso m'zaka zotsatira. Munali mikanda ya golide, mikanda ya galasi, mitanda ya mkuwa, mitolo ya waya, zipangizo zokokera waya, zigoba za kunyanja ndi mabelu achitsulo. Vuto linali zaka. Manda aja anakumbidwa kulowa m'dothi la mudzi wakale kwambiri, ndipo zoyezedwa sizinachokere pa thupi la malemu. Poyamba anthu ankati mandawo ndi akale kwambiri, kenako anati ndi a zaka za m'ma 1300 ndi 1400, Apwitikizi asanafike. Mabuku a sukulu analemba choncho. Mu 2017 Susan McIntosh ndi Fagan anatulutsa zaka zoyezedwa pa nsalu ya thonje ya m'manda awiri, ndipo zinagwera m'zaka za m'ma 1500, nthawi imene Apwitikizi anali atayamba kukhazikitsa misika m'mbali mwa Zambezi. Nkhani yonse ya malonda a malo amenewo inafunika kuiganiziranso, chifukwa cha tizidutswa ta nsalu timene mkuwa unasunga.

Ndiye ndikufunseni: chitunda chanucho anachiunjika chifukwa cha malemuyu, kapena malemuyu anaikidwa m'chitunda chimene chinalipo kale? Kuno kwathu zitunda zambiri ndi dzala la mudzi kapena chulu, sizili ngati za ku Ulaya kapena za ku Kerma ku Sudan zimene anaziunjikira dala pamwamba pa manda. Pitani pakhoma la ngalande yanu m'mawa dzuwa lisanakwere, palani bwino, wazani madzi pang'ono, muyang'ane ngati pali mzere wa dzenje ukudula mizere ya phulusa. Ukakhalapo, makala anuwo ndi a anthu amene anaphika nsima pamenepo malemu asanabadwe n'komwe.

Wophunzira wa ku Lusaka

Agogo anena zoona. Ndiwonjezere pang'ono. Ngakhale khala litakhala la m'dzenje momwemo, likhoza kukhala la mkatikati mwa mtengo waukulu umene unali kale ndi zaka zambiri pamene ankausonkha. Thonje ndi la nyengo imodzi. Njira yoyezera zaka ndi kaboni yotchedwa AMS imafuna mamiligalamu ochepa chabe, ndiye sipafunika kuwononga kachidutswa konse. Muwauze a labu kuti ulusi wakhudzana ndi mkuwa, ndipo powerengera agwiritse SHCal20, mzere wowerengera zaka wa kum'mwera kuno. Musadabwe ngati yankho libwera lotambalala, chifukwa pakati pa 1500 ndi 1650 mzere wowerengera umakhotakhota. Apa mikanda imathandiza. Sefani dothi lonse la m'manda ndi sefa ya milimita imodzi, yaikulu ija ya mapale imataya timikanda. Mukapeza ya galasi, iyerekezeni ndi magulu amene katswiri wa mikanda Marilee Wood anawalongosola, monga a Zhizo, K2, Mapungubwe, Zimbabwe ndi Khami. Kumbukiraninso kuti chiswe chimasuntha tinthu tating'ono, ndiye wodalirika ndi mkanda umene uli pakhosi kapena m'chiuno, osati wopezeka m'njira ya chiswe.

Wa mapale

Ndavomera za Paraloid, ndaphunzirapo. Koma makala musawataye, achimwene. Ngati muli mudzi pansipo, mapale ake ndi makala ake ndi nkhani inanso yofunika. Ndijambulireni milomo ya mbiya ndi zokongoletsa zake ndione ngati ndi za mitundu ya mbiya zakale yotchedwa Nkope, Kapeni kapena Mawudzu.

Wofukula wa kuchigwa, Lachitatu masana

Agogo, mzere ulipo. Ndapala khoma 6 koloko m'mawa, ndipo dzenje likuoneka bwinobwino, dothi lofiirira losakanikirana likudula mizere itatu ya phulusa. Manda ndi a pambuyo. Ndikanatumiza makala aja ndikanalemba zabodza mu lipoti.

Koma pabuka china. Nditawafotokozera amfumu za kunyamula mkono, nkhope zinasintha. Mayi wina wachikulire anati munthu saikidwa mbali ziwiri, mkono kwina thupi kwina. Ndinasowa choyankha chifukwa akunena zoona.

Wa mafupa

Mayiwo alemekezeni, ndipo musakambirane nawo mutaimirira padzenje. Pitani kubwalo, mukhale pansi, adzukulu a m'mudzimo akhalepo. Auzeni zoona zake: malowa akumbidwa ndithu, malemu sangatsale pamenepo. Pemphani kuti thupi lonse linyamulidwe pamodzi, mafupa ena m'bokosi loyalidwa bwino, mkono m'chibuma chake, zonse ziyende ulendo umodzi ndipo zidzabwerere limodzi kudzaikidwa pamene iwo asankhe. Mugwirizane tsiku, mulembe, a boma asainirepo, ndipo tsikulo mudzalisunge. Za zibangili, ngati zidzatsale kosungira zakale kapena zidzabwerere, zikambidwe pompano ndi a boma ndi amfumu, osadikira tsiku loika. Auzeninso kuti ulusi pang'ono udzathera koyeza ndipo sudzabwerera.

Pogwira mafupa valani magolovesi ndi chotseka pakamwa. Mano ndi fupa lolimba la m'kati mwa khutu musazitsuke. Mafupa a ku Hora ndi ku Fingira, kumpoto kwa Malawi, anatipatsa DNA ya anthu akale kwambiri, koma zoyeza zotere pa malemuyu zifunika chilolezo chakechake, kwa boma ndi kwa eni mudzi. Zisalowe mozemba m'pangano la nsalu.

Agogo opuma pantchito

Za ndalama zanu ziwirizo: yoyamba ulusi. Yachiwiri musafulumire nayo. Mkati mwa zibangili zopota nthawi zambiri mumakhala luzi kapena ubweya umene anakulungirapo waya. X-ray ikatha, amayi a kulabu aone ngati ulipo. Zaka ziwiri zochokera pathupi limodzi zimatsimikizirana. Makala adikire thumba lina.

Wofukula wa kuchigwa, Lachisanu usiku

Tanyamula. Dzulo tinakhala kubwalo kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tagwirizana kuti malemu abwerera yense pakatha miyezi 6, adzaikidwa kumanda a mudzi. Adzukulu awiri anatithandiza kukumba mozungulira, ndipo mayi aja ndi amene anabweretsa nsalu yoyera yoyala m'bokosi. Chibuma chatuluka chathunthu, kungoti ngodya ya kuchigongono inagumuka pang'ono, dothi lake ndalisunga m'thumba lapadera. Posefa tapeza timikanda 23 ta galasi, tambiri tobiriwira ndi tofiira, tonse pafupi ndi khosi. Mvula yagwa 4 koloko, ife tili kale m'galimoto.

A mapale, zithunzi za milomo ya mbiya ndatumiza ku inbox. Amayi, tinyamuka 5 koloko m'mawa, tiyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mabampu, chibuma chili pa matiresi.

Mayi wa kulabu

Mundipeza. Tebulo ndakonza kale ndipo a X-ray atipatsa Lolemba m'mawa. Pobwera musaiwale mapu a mafupa ndi kalata ya pangano ija, ndikufuna tsiku lobwezera lilembedwe pabokosi penipeni.