MIG yoyambira nayo pa bodi ya galimoto: ndigule kapena ndisiye?

Wadzimbiri: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Galimoto yanga yadyeka ndi dzimbiri m'munsi mwa zitseko ndi pa madigadi akumbuyo. Ndili ndi makina a arc amene ndimawotcherera mageti, koma dzulo nditangogunditsa rod pachigamba, chitsulo chinabooka mpaka chala chachikulu kulowa. Ndaona MIG (makina owotcherera ndi waya m'malo mwa rod) yaing'ono yosafuna gasi. Kodi ndi yoti munthu n'kutayirapo ndalama?

Mkulu wa pagalaja: Achimwene, vuto si dzanja lanu ayi. Chitsulo cha bodi nthawi zambiri sichipitirira 1 mm, chambiri chimakhala cha 0.8, pomwe moto wa rod ndi wa zitsulo zokhuthala. MIG gulani, koma yopanda gasiyo ayi. Waya wake wa flux (wokhala ndi mankhwala mkati m'malo mwa gasi) nawonso ndi wotentha, umathetheka kwambiri, ndipo umasiya makoko oti muzisupula nthawi iliyonse musanaike dontho lina. Funani makina olola gasi, oti moto wake uzitsika mpaka ma amp 30, muikemo waya wa 0.6 mm ndi gasi wosakaniza argon ndi CO2 wotchinga powotcherera kuti mpweya usafikepo.

Wosamala thumba: Ine ndiye ndikukana. Mwawerengera makina okha. Nanga silinda, regulator, helimeti, magolovesi, grinder ndi ma disc ake? Zonsezo chifukwa cha galimoto imodzi? Ipititseni kwa panel beater, mulipire kamodzi, nkhani yatha.

Mayi wopenta magalimoto: Bambo, dzimbiri silibwera kamodzi. Ndakhala ndikupala utoto pa magalimoto amene eni ake ankati anakonzetsa, n'kupeza fila wokhuthala ngati chala, pansi pake bowo likadali pomwepo. Zimandiwawa chifukwa munthu analipira ndi mtima wonse. Amene wadzidulira yekha mpaka kufika pa chitsulo choyera amadziwa chimene chili pansi pa penti wake.

Wosamala thumba: Mayi, zoona, koma woyamba kumene apinda chitseko chonse ndi moto. Ndiye kulipira kawiri kumeneko.

Mkulu wa pagalaja: Apinda akamakoka mzere wautali ngati ali pa geti. Pa bodi sitikoka mzere. Mumaika kadontho apa, n'kudumphira kutali, kadontho kena, n'kudikira mpaka pazizire poti dzanja likhoza kugwira. Mumazungulira choncho mpaka madonthowo akumane. Pakabooka, gwirizani kachidutswa ka mkuwa kuseri. Waya sumamatira ku mkuwa, ndipo mkuwawo umayamwa kutentha. Komanso pogaya ndi grinder musakanikize, nayonso imatenthetsa chitsulo n'kuchipinda. Ambiri amawononga pamenepo ntchito imene anawotcherera bwinobwino.

Wadzimbiri: Koma ine galaja ndilibe, ndimagwirira panja. Ndamva kuti mphepo imauluza gasi.

Wa magetsi a galimoto: Imauluzadi, ndipo powotchererapo pamatuluka timabowo ngati siponji. Tchingani ndi bolodi kapena dikirani kukhale bata. Changa n'chimodzi: chotsani waya wa negative pa batire musanayambe, ndipo earth clamp ikhale pafupi ndi pamene mukuwotcherera, pa chitsulo chopala bwino. Yang'ananinso kuseri kwa panel. Kapeti, mawaya, mapaipi a mafuta, zonsezi zimayaka inu muli mu helimeti osaona kanthu. Chozimitsira moto chikhale pambali panu.

Mayi wopenta magalimoto: Ndiwonjezere za utsi. Ma panel ambiri amakono ndi okutidwa ndi zinc, utsi wake woyera uja umadwalitsa ngati chimfine chachikulu. Palani kaye, muvale mask. Ndipo chonde, ma pillar (nsanamira zogwira denga) ndi chassis musakhudze. Pamenepo pali moyo wa anthu, ndipo magalimoto atsopano ali ndi chitsulo cholimba mwapadera chimene chimafooka chikatenthedwa molakwika.

Wosamala thumba: Apo pokha tagwirizana. Koma ndikubwerezabe, ngati ndi zitseko ziwiri zokha, ine sindingagule.

Wadzimbiri: Si ziwiri zokha, akulu. Ndasuzumira pansi pa kapeti m'mawa uno, nakonso kwayamba. Yopanda gasi ija ndaisiya. Ndifunafuna yolola gasi, ndiyambe ndaphunzirira pa chitseko chakale cha ku scrap.

Mkulu wa pagalaja: Chitseko chimenecho muchidule tizidutswa, mulumikize, kenako mupinde ndi pulayala muone ngati pakuthyoka. Mutitumizire chithunzi cha kuseri kwake, osati kutsogolo kokha.