Nyumba ya malata koma moto sukoleza: agogo awa tiwalembe bwanji?

Mlangizi wa kwa Maganga: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Tikuunikanso mayina a Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, kuno kunyanja. Pali agogo ena akulera zidzukulu zinayi, onse amasiye. Nyumba ndi ya njerwa zootcha, ya malata, anawamangira mwana wawo ali ku Joni, koma mwanayo anamwalira. Ndafika masana, pamafuwa phulusa lozizira, m'chidebe muli madeya osakwana mbale. Mayankho a mafunso a kalembera atalowa m'kompyuta, agogowa agwera m'gulu la opezako bwino. Pomwe bambo wina wa padoko, wogona m'chisakasa cha udzu, wakwera pamwamba ngati wovutikitsitsa, chonsecho ali ndi ukonde wa chilimira ndi injini ya bwato. Mtima wanga sukuvomera.

Wa zachisamaliro cha anthu, Chipoka: Achimwene, zimenezi n'zosadabwitsa m'mbali mwa nyanja. Mafunso aja amayeza umphawi poona denga, pansi, ziweto ndi katundu, chifukwa ndalama munthu sanena zoona. Kumtunda zimagwirako. Kunyanja chuma chili pamadzi. Msodziyo mwina chisakasacho n'chongogonamo, nyumba yeniyeni ili kumudzi kwawo. Funsani alovi ake, anyamata omugwirira ntchito ya usodzi, kuti ukondewo ndi wa yani, akuuzani osabisa.

Mlangizi wa kwa Maganga: Nanga agogowa, achemwali? Ndisinthe yankho, ndilembe kuti denga ndi la udzu?

Wa zachisamaliro cha anthu, Chipoka: Ayi, musayerekeze. Akadzabwera otsimikiza n'kupeza malata, agogowa adzachotsedwa, inunso mbiri yaipa. Kumbukirani kuti chiyambire ku Mchinji mu 2006, ndondomekoyi imafuna zinthu ziwiri: banja likhale losaukitsitsa, komanso lopanda wogwira ntchito. Ngati m'nyumbamo mulibe munthu wamphamvu wa zaka 19 mpaka 64, mbali yachiwiriyo agogo akwanira kale. Yoyambayo ndi imene muimenyere pamsonkhano wa m'mudzi wotsimikiza mayina.

Mlangizi wa kwa Khombedza: Ndionjezepo. Musapite kumsonkhanoko ndi chisoni chokha, pitani ndi umboni. Lembani chaka chimene malata anakhomedwa, amene anagula, kangati akudya patsiku, ana angati asiya sukulu n'kumakayanika usipa wa eni pathandala. A komiti ya m'mudzi ndi amfumu asainepo, mupereke ngati dandaulo ku ofesi ya boma. Ife chaka chatha tinachita choncho ndi mayi wina wolumala, dzina linabwerera. Ndiponso nthawi yofunsira ndi nkhani. Mukafunsa mu Meyi aliyense ali ndi kachimanga. Kunyanja pitani nthawi ya mwera mabwato atakocheza, kapena mu Febuluwale, muone zenizeni.

Wa mabanki m'khonde, Lifuwu: Malo ndi ochepa, abale, mabanja pafupifupi 10 pa 100 alionse, pomwe kafukufuku wa ofesi ya boma ya ziwerengero (NSO) wa 2019/20 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka. Ndiye ena otsala adzadandaula ndithu, konzekani kuwafotokozera. Agogowa akalowa, alumikizeni ndi gulu lathu, azisungako pang'ono ya yunifolomu ya ana.

Mlangizi wa kwa Maganga: Zikomo nonse. Mawa m'mawa ndiyamba padoko kucheza ndi alovi, kenako kwa agogo ndi awiri a komiti. Achemwali a ku Chipoka, nditumizireni fomu ya madandaulo ija pa WhatsApp, yanga inanyowa ndi mvula.