Kodi timabokosi takale ta ATA n'toyenera kugula kuti tilumikize ku Asterisk?

Mlembi wa muofesi:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Muofesi mwathu muli mafoni a waya asanu ndi imodzi omwe akugwirabe ntchito bwino, ndipo wina akufuna kutigulitsa timabokosi togwiritsidwa kale ntchito ta ATA (tothandiza foni ya waya kuimba kudzera pa netiweki), ta mtundu wa Linksys PAP2T ndi Cisco SPA112, toti tilumikizire mafoniwo ku kompyuta yathu ya Asterisk, pulogalamu yoyendetsa mafoni a muofesi. Kodi tikagula sitidzanong'oneza bondo?

Wokonza makina:
Mayi, ine ndinganene kuti gulani, chifukwa kabokosi kamodzi kamalandira mafoni awiri, ndiye titatu tikukwanirani. Koma musapereke ndalama musanayese. Lumikizani foni, dinani nyenyezi kanayi kenako 110#, ndipo kabokosi kamoyo kadzakuwerengerani nambala yake ya IP, yomwe ndi adiresi yake pa netiweki. Mukatero lowani patsamba lake la makonzedwe, pakuti ma PAP2 ambiri (mtundu umene unatsogolera PAP2T) anatuluka atatsekedwa ndi kampani ya mafoni ya Vonage, ndipo otsekedwawo amakana kulembetsedwa kwina.

Woyang'anira netiweki:
Pepani achimwene, pa SPA112 sindikugwirizana nanu. Mu May 2023 kampani ya Cisco inalengeza kuti kabokosi kameneka kali ndi chibowo choti munthu wachinyengo akhoza kulowetsamo pulogalamu yake popanda mawu achinsinsi, ndipo inanenetsa kuti sidzachitseka popeza inasiya kale kusamalira mtundu umenewu. Zimandipweteka kuona ofesi ikusunga tindalama tochepa n'kusiya khomo lotsegula.

Wokonza makina:
Mwanena zoona bambo, ndipo ndavomera. Komabe timabokosi tikakhala pa netiweki yawoyawo, tosaonekera pa intaneti, ngoziyo imachepa kwambiri. Chomwe chinandivutitsa ine ndi china: foni inkalira mofooka ndipo mawu ankang'ung'uza, ndinataya masiku awiri ndikusanthula makonzedwe, kenako ndinapeza kuti chotengera magetsi cha 5V cha kabokosiko ndicho chinatopa. Kumbukiraninso kuti Asterisk 21 inachotsa chan_sip, njira yakale yolembetsera mafoni, choncho mulembetse mafoni onse kudzera pa njira yatsopano ya PJSIP.

Mlembi wa muofesi:
Zikomo nonse. Titenga ma PAP2T okhawo amene apambane mayeso, ma SPA112 tiwasiya. Nanga foni yathu imodzi yozungulitsa ndi chala ija, igwira?

Woyang'anira netiweki:
Pa PAP2T idzalira ndipo mudzayankha, koma simudzatha kuimba nayo. Imeneyo muigulire Grandstream HT802, yomwe imamva manambala ozungulitsa.