Kodi kudzikana kwake ndi kusiya mayi amene ndili nawo panowa?

Admin, chonde ndibiseni dzina. Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala ku Dedza, dera la Bembeke.

Ndinakwatira koyamba ndili mnyamata. Unali ukwati wa chinkhoswe, kutchalitchi sitinapiteko chifukwa nthawi imeneyo za mapemphero ndinalibe nazo ntchito. Ndinkakhala chikamwini. Banja litavuta ankhoswe anakhala pansi kangapo, mpaka akuchikazi anati basi, mkamwini azipita. Ndinasiyako nyumba ndi mwana wamkazi mmodzi amene ndikumulipirira fizi mpaka lero. Mayi akewo anakwatiwanso ndipo ali ndi ana kumeneko.

Amene ndili nawo panowa tinapezana pambuyo pake. Tili ndi ana atatu, timalima kachewere ndi kabichi n'kumakagulitsa pa Lizulu. Ndi mayi omwewa amene anandikokera kwa Yesu, ndinabatizidwa mu 2019.

Mwezi watha kunabwera mlaliki wina pa chitsitsimutso. Anawerenga Luka 16:18 ndi Aroma 7:2-3, kuti mkazi ndi womangidwa kwa mwamuna wake nthawi yonse imene mwamunayo ali moyo. Nditakawaona pambali anandiuza mosapita m'mbali kuti malinga ngati mkazi woyamba uja akupuma, m'nyumba mwanga muli chigololo tsiku ndi tsiku. Akuti ndituluke ndikakhale ndekha, ndiwo mtanda wa pa Luka 9:23, ndipo pa Ezara 10 amuna anachotsa akazi pofuna kumvera Mulungu.

Kuchokera tsiku limenelo ndikugona pa mphasa pabalaza, ndipo Mgonero ndauleka. Mayi sakulongolola ayi. Amandiikira madzi kubafa, amandipakulira nsima monga kale, koma usiku ndimawamva akufwenthera kuchipinda. Dzana mwana wathu wamng'ono anandipeza ndikupinda mphasa m'mamawa, n'kundifunsa ngati bedi lathyoka.

Abale anga, sindikusaka vesi yondisangalatsa. Ngati Mulungu akufunadi kuti ndituluke, ndituluka. Mowa ndinasiya, ndipo kunali kudzikana kwenikweni, koma ululu wake ndinaumva ndekha. Apa amene atalire ndi mayi osalakwa ndi ana atatu. Kodi kumakhala kudzikana pamene mtandawo ausenze ndi anthu ena? Kubwerera kwa mkazi woyamba nakonso Deuteronomo 24:1-4 akukana, poti anakwatiwa kale ndi wina. Ndiye ndilowere kuti? Ndithandizeni ndi Mawu, matukwana ayi.

MAYANKHO

Mkulu wa mpingo, Ntcheu: Achimwene, mlalikiyo anakuwerengerani mbali imodzi. Tsegulani 1 Akorinto 7:17-24. Paulo akulankhula ndi anthu amene anatembenuka ali kale m'maukwati osiyanasiyana, ndipo akuti aliyense akhale monga analili pamene anaitanidwa. Inu Ambuye anakuitanani muli m'banja ili. Za Ezara zija nkhani yake inali ya akazi a mitundu yopembedza mafano, pamene akazi anu ndiwo anakuonetsani njira ya kutchalitchi. Onaninso 1 Timoteyo 5:8: wosasamala a m'banja mwake wakana chikhulupiriro.

Mlongo wina: Tisamakometsere zinthu chifukwa cha chisoni. Maliko 10:11-12 sanasiye khomo lothawira. Yohane Mbatizi anadulidwa mutu chifukwa chouza Herode kuti sikololedwa kukhala ndi mkazi wa m'bale wake, ndiye nkhani ya ukwati si yaing'ono. Bambo, ana asamaleni, dimba limani, koma mukhale padera. Moyo uno ndi waufupi.

Katekisiti, Mtakataka: Mlongo, kwathu ku Katolika timakhwimitsa kwambiri nkhani imeneyi, koma ngakhale ife sitigamula pa chitsitsimutso. Timayamba tafunsa: pamene ankakwatirana, awiriwa anali obatizidwa? Ukwati wa obatizidwa onse awiri, womangidwa bwino ndipo analowana, umatha ndi imfa yokha. Koma ngati onse anali osabatizidwa, wina n'kudzabatizidwa pomwe mnzake anachoka, 1 Akorinto 7:15 imagwira ntchito ndipo Mpingo umatha kulola ukwati watsopano. Mafunso otere amafufuzidwa ndi mboni, mofatsa. Bambo, mpingo wanu uli ndi njira yakeyake, pitani kwa abusa amene amakudziwani.

Mayi wa Mvano: Ine mtima wanga uli pa mayiwo. Mwawauza chifukwa chimene mwasamukira pabalaza, kapena akungoganiza kuti mwapeza wina? Mwana wa eni mumamutenga pamaso pa ankhoswe, ndiye simungamusiye chifukwa cha mawu a mlendo amene anagona masiku ochepa n'kupita. 1 Akorinto 7:5 akuti kumanana kukhale kogwirizana nonse awiri, kwa kanthawi. Inu mwagamula nokha, bambo.

Wina wodziwa za malamulo: Funso langa ndi ili: ukwati woyamba unathera kwa ankhoswe okha kapena munafika kukhoti? Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chinkhoswe ngati ukwati weniweni, ndipo khoti la majisitireti limatha kuuthetsa n'kukupatsani chikalata. Abusa ambiri amachifuna asanadalitse banja lachiwiri. Dziwaninso kuti kaya mutuluka kaya mukhala, ana onse anayi lamulo likuti muwasamale.

Mwini funso (kudzera kwa admin): Zikomo nonse, ngakhale inu mlongo, mawu anu sindinawataye. Amayi a Mvano mwandilasa. Usiku wathawu ndawafotokozera mayi zonse ndipo tawerenga limodzi mavesi mwatipatsawa. Iwo angoti, “Bambo, ngati ndi Mulungu sindingakukanizeni, koma tikamve kwa abusa tili awiri.” Kukhoti sitinapiteko, zinathera kwa ankhoswe ndi kwa amfumu. Loweruka tikaonana ndi abusa athu pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Atate akulu a mpingo a ku Ntcheu, ndifunseko: podikira Lowerukalo, ndibwerere kuchipinda kapena ndikhalebe pabalaza? Nanga Mgonero ukubwerawu ndiyandikire, kapena ndidikire kaye chigamulo cha abusa?