Wosewera wathu akalira anthu akuseka, akakhala chete akuti ndi chitsa. Titani?

Membala wobisa dzina:

Moni nonse pagulu pano. A admin chonde muidutsitse, nkhaniyi yandidanitsa ndi mnzanga.

Ndimakhala pa Chitakale ku Mulanje kuno. Tili ndi kagulu ka zisudzo, tilipo asanu ndi atatu. Tinayambira kutchalitchi, kenako tinkasewera m'masukulu ndi tsiku la msika. Chaka chino tinati tiyeseko kujambula kafilimu pa foni, ka mphindi 20 basi. Ine ndi amene ndimauza anzanga pokhala ndi poima, ndiye amangonditchula kuti dailekita ngakhale kusukulu yake sindinapondeko.

Nkhani yake ndi ya mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo. Tsiku lina apongozi ake aamuna akufika ndi ankhoswe kudzanena kuti mwana wawo wakwatira konko, sabweranso. Akumupeza mayiyo ali pamphasa pakhonde akusenda nandolo.

Amene watenga mbali ya mayiyo ndi mtsikana waluso, pasiteji palibe amene amamufika. Tsiku loyamba kujambula anaponya lichero uko, manja kunkhongo, n'kudzigwetsa pansi akubuma. Tonse amene tinalipo tinamuombera m'manja. Koma madzulo titaika pa TV ya alamu anga kuti anthu aone, pofika pamenepo ana anafa ndi phwete, akuluakulu nawo osadzigwira. Gogo wina anati, "Ameneyutu akulira ngati amulipira."

Tinabwereza. Ndinamuuza kuti asalire, angokhala. Ndiye wangokhaladi, mutu zyoli. Tsopano mnzanga amene amagwira foni akuti nkhope sikuoneka, munthu ali ngati chitsa, ndipo oonera adzaganiza kuti nkhaniyo sinamukhudze, kapena nayenso ali ndi wake wamseri n'chifukwa chake akuthawitsa maso. Takangana mpaka moni tikupatsana wapamwamba.

Inu amene mumaonera mafilimu ndi diso lakuthwa, mumaona chiyani pathupi la munthu kuti mukhulupirire kuti zikumuwawadi? Ndipo munthu amene mwambo sukumulola kuyang'ana apongozi m'maso, zamumtima mwake tingazionetse bwanji? Tatsala ndi Loweruka limodzi lokha. Nandolo wamuwisi akutha ndipo mtsikanayu akupita kusukulu ku Zomba.

Wakabaza wa pa Limbuli:

Mufinyireni anyezi m'maso achimwene, nkhani yatha 😂

Mayi wa ku Luchenza:

Mwana wanga, zimene mwalembazo zinawachitikira achemwali anga enieni, ine ndilipo. Kusiyana kwake n'koti alamu anali ku Beira, osati ku Joni. Uthenga unafika iwo akukwecha poto kuseri kwa nyumba. Anawaitana, anabwera ndi poto yemweyo m'manja, n'kukhala pansi chapatali, chammbali. Atamva zonse anangoti, "Ndamva." Basi. Kenako anapitiriza kukwecha. Poto anali atayera kalekale koma iwo osaleka, malo amodzimodziwo, mpaka mchenga unawatupitsa chala. Alendo akutsanzika anawafunsa kuti, "Simudikira nsima?" Mawu ali bwinobwino. Kulira kunabwera usiku, m'nthochi, ana atagona. Ine ndinawapeza chifukwa ndinamva kusisima.

Ndiye mtsikana wanuyo musamulande nandolo. Chitsacho chabwera chifukwa mwamuuza kuti aleke zonse. Manja apitirize ntchito, koma ntchitoyo isokonekere. Nandolo aziponya pansi, makoko n'kumaika mulichero, iye osazindikira. Mzimayi aliyense woonera adzagwira pamtima.

Bambo wa ku Thekerani:

Musatisandutse azungu apa. Kwathu kuno munthu zikamuwawa amalira mudzi wonse umve. Zomangoti duu, msozi umodzi tsetsereku, ndi za m'mafilimu akunja. Mtsikanayo anachita bwino poyamba paja, anawo ndi amwano chabe.

Mayi wa ku Luchenza:

Abambo, amabuma ndi maliro. Apa wafa ndani? Inuyo muli mwana mukaika manja kumutu amayi anu sankakukalipirani kuti mukulaula? Mkazi wabwinobwino adzigwetse pansi pamaso pa apongozi aamuna, chitenje chili uko, chifukwa cha mwamuna wamoyo? Anthu aja anaseka chifukwa thupi linanena maliro pamene nkhani ikunena manyazi ndi mkwiyo.

Bambo wa ku Thekerani:

Apo mwina mwanena. Koma ine filimu yopanda kulira sindiiona kukoma.

Mkulu wazisudzo wakale, Thyolo boma:

Achimwene, mtsikana wanuyo musamudzudzule, matenda ake ndi omwe tinadwala tonse. Ine ndinasewerako ku Blantyre zaka za m'ma 1990, nthawi imene anthu ankadzaza pa French Cultural Centre kukaonera magulu a zisudzo monga Wakhumbata ya malemu Du Chisiza kapena a Kwathu. Pabwalo ngati lija, munthu amene wakhala kumapeto kwenikweni ayenera kuona kuti wakwiya. Ndiye umatambasula manja, kutong'ola maso, mawu kuponya kutali. Ndi luso ndithu, ndipo Izeki ndi Jakobo ankaligwiritsa ntchito mpaka anthu kupweteka nthiti. Koma wailesi yakanema ya TVM itatsegulidwa mu 1999, ambiri anapita pa kamera ndi thupi lomwe lija la pasiteji. Kamera ili ngati munthu amene wakhala nawe mphasa imodzi. Munthu ameneyo sumukuwira.

Chimene ndimayang'ana ine choyamba si maso ayi, ndi mpweya. Munthu akamva nkhani yoopsa amayamba waima kupuma, mapewa n'kukwera pang'ono, kenako mpweya umatuluka mochedwa. Pakhosi pamayenda, akumeza malovu. Zimenezi zimaoneka ngakhale mutu uli pansi. China ndi nthawi. Wosewera wosazolowera amayamba kusintha nkhope mnzake asanamalize kuyankhula chifukwa mawuwo akuwadziwa kale. Munthu weniweni amachedwa, nkhani imayamba yalowa kaye.

Ndipo lekani kumuuza kuti "khala wachisoni" kapena "usachite kanthu". Mupatseni ntchito. Muuzeni kuti, "Anthu awa asakuone ukulira, zivute zitani." Munthu amene akulimbana ndi misozi amamvetsa chisoni kuposa amene akuifinya. Mukajambula, muonere mutatsitsa voliyumu yonse, muitane munthu amene nkhaniyo sakuidziwa, mumufunse kuti mayiyu wauzidwa chiyani. Akayandikira, mwakhoza. Ana m'mavidiyo amaseka Mr Bean chonsecho sayankhula zomveka, thupi lokha limakwana.

Membala wobisa dzina:

Madala mwandilasa penipeni. Amayambadi kunjenjemeretsa milomo apongozi akadali pa moni.

Wojambula maukwati, Bvumbwe:

Mnzanu wogwira foniyo akunena zoona kuti nkhope sikuoneka, koma wolakwa ndi iyeyo. Ndikukhulupirira akujambula ataimirira. Munthu wakhala pamphasa, wawerama, iwe uli chilili, ujambula duku basi. Foni itsike. Ikhazikeni pampando wa ndalema kapena panjerwa ziwiri, chammbali mwa lichero, iyang'ane chokweza pang'ono. Mtsikanayo apitirize kuyang'ana pansi monga mwa ulemu wake, nkhope ibwera yokha kwa inu. Musakokere ndi zala pa sikirini, chithunzi chimaphwanyika, sunthani foniyo ifike pafupi. Komanso pakhonde pamakhala mdima pamene kunja kukuwala, ndiye ngati kuwala kuli kumbuyo kwake nkhope idzangoda bii. Atembenukire kumene kukuchokera kuwala. Kukachita mitambo ngati ya chiperoni musadandaule, tsiku lotero nkhope imatuluka bwino kuposa dzuwa lili paliwombo.

Chinanso. Zaka zoposa 100 zapitazo ku Russia kunali mkulu wina wa mafilimu, Lev Kuleshov. Anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya wosewera yosaonetsa kalikonse, n'kuchilumikiza ndi mbale ya supu, kwina ndi bokosi la maliro, kwina ndi mkazi. Oonera ankati apa ali ndi njala, apa ali ndi chisoni, apa wakopeka, chikhalirecho nkhope ndi imodzimodzi. Ine ndimachita zomwezo paukwati. Amake a mkwatibwi angokhala chifukwa chotopa, ndikaika nkhope yawo pambuyo pa mwana wawo akuvekedwa mphete, abale onse amati taonani mayi agwidwa chisoni. Ndiye inu jambulaninso zimene mayiyo akuona ali chiweramire: nsapato za apongozi, mwana akusewera pafumbi, kapena mulu wa njerwa zimene ankadikira kuti mwamuna akatumiza ndalama amangire. Polumikiza muike nkhope, njerwa, nkhope. Chitsa chija chiyamba kuyankhula.

Mtsikana wa ku Nkando:

Ikatuluka mutiponyere link. Ngati mukufuna wina wosewera ine ndilipo, kulira ndimatha.

Womasulira mafilimu m'Chichewa:

Ine ndimadyera kuwerenga nkhope. Mafilimu ena amabwera opanda mawu olembedwa pansi, Chikoreya sindimva, Chihindi sindimva, koma anthu amafuna Chichewa. Ndiye ndikuuzeni kuti thupi nalo lili ndi zilankhulo. Ndikuyamba kumene ntchitoyi, Amwenye akapendeketsa mutu uku ndi uku ndinkamasulira kuti akukana, chonsecho akuvomera. Ndinasokoneza banja lonse la mufilimu. Azungu m'mafilimu awo munthu akathawitsa maso ndiye kuti akubisa kanthu. Mnzanuyo waonera zambiri zoterozo. Kuno mwana woyang'ana bambo ake m'maso akumudzudzula timati ndi wamwano. Filimu yanu aonere ndi anthu a pa Chitakale, pa Chinakanaka, pa Muloza, ndipo onsewo akudziwa kuti mkazi sayang'anitsitsa apongozi. Chimene chingawadzidzimutse ndi chakuti adzutse mutu kamodzi kokha, awayang'ane, n'kubwezanso pansi. Kamodziko ndi mbama.

Wophunzira pa yunivesite ku Zomba:

Ndiwonjezereko za m'kalasi. Paul Ekman, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, anapita ku Papua New Guinea zaka za m'ma 1960 n'kunena kuti pali zinthu zisanu ndi chimodzi zimene nkhope imaonetsa mofanana kulikonse: chimwemwe, chisoni, mkwiyo, mantha, kudabwa ndi kunyansidwa. Akatswiri ena amatsutsa mfundo yakeyi mpaka lero, koma iye yemwe anavomereza kuti mtundu uliwonse uli ndi malamulo ake a nthawi yoonetsa ndi yobisa. Za kuthawitsa maso, ofufuza apeza kuti si chizindikiro chodalirika cha bodza.

Chimene chingakuthandizeni ndi nsidze. Pachisoni chenicheni nsidze zimakwera mbali ya kumphuno, pamphumi n'kuchita timakwinya pakati. Wasayansi Charles Darwin analemba za zimenezi mu 1872, ndipo anthu ambiri sangazichite mwadala. Wonamizira amangokoka milomo pansi n'kumanga tsinya, ndiye amaoneka ngati wamva fungo. Kumwetulira nakonso chimodzimodzi, kwenikweni kumafika m'mbali mwa maso. Ngati mayiyo amwetulire potsanzikana ndi alendo, kukhale kwa pakamwa pokha, maso osatsatira.

Mayi wa ku Luchenza:

Nonse muli pa mkaziyo. Nanga apongoziwo akuchita chiyani? Mwamuna wamkulu kubwera ndi uthenga wochititsa manyazi chotero sakhala mowongoka. Amavula chipewa, n'kumachizungulizazunguliza pabondo. Amayamba ndi za mvula, za mtengo wa feteleza, kutsokomola, kenako n'kukodola ankhoswe kuti anene ndiwo. Akakhala kuti nawonso akulemba pansi ndi kamtengo, woonera adziwiratu kuti kukubwera zoipa mawu asanatuluke.

Membala wobisa dzina:

Amayi mwandigwira pakhosi. Apongozi athu ndi mnyamata wa zaka 23, timamuthira ufa kumutu. Amalankhula ataloza chala ngati akulalikira pamsika. Mwina anthu aja anayambira pamenepo kuseka.

Wakabaza wa pa Limbuli:

Ufa wake wa mgaiwa kapena woyera? 😂 Pezani mdala weniweni achimwene, pa bawo amakhala mbwee.

Membala wobisa dzina:

Ndabweranso. Dzulo madzulo tinayeserera osajambula zenizeni. Foni tinaikhazika panjerwa. Ndinamuuza mtsikana uja mawu a madala aja, kuti anthuwa asamuone akulira, ndipo ndinawanong'oneza ankhoswe kuti achedwe dala asananene mawu akuti "sabweranso". Anadikira, manja akusenda. Atamva, chala chinaima pakhoko, kenako chinapitiriza. Za kuponya nandolo pansi ndinamuuza, koma anachita zina zimene sindinamuuze: anayamba kutola nandolo amene anagwera pamphasa, mmodzimmodzi, kumupukuta pachitenje. Mchemwali wanga amene anangobwera kudzatenga lichero lake anaima pakona mpaka tinamaliza, osanena kanthu.

Mnzanga wa foni tayamba kuyankhulana, koma akuumirirabe kuti pakhale msozi ngakhale umodzi pamapeto, akuti apo ayi anthu ngati abambo a ku Thekerani adzati tawabera. Ine ndikuti tijambule zonse ziwiri tikasankhe polumikiza. Apongozi tapeza, ndi amalume a mmodzi wa ife, anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi. Avomera koma akuti mawu oloweza sakufuna, adzanena mmene amanenera iwowo. Chatsala ndi chipewa, chawo akuti n'chakutchalitchi sichingazunguliridwe pabondo. Amene ali nacho chachikale kufupi ndi Chitakale kapena pa boma andipeze ku inbox lisanafike Loweruka, ndidzabweza.