Zikomo amayi anzanga, nkhani ya mkaka wofinya ija yatheka

Ndabweranso pa funso langa lija, loti kodi mkaka wa m'mawere womwe ndafinya m'mawa ndingauphatikize ndi wa masana, poti ndayambanso ntchito. Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka anamwino aja amene anafotokoza modekha.

Ndinatsatira malangizo oti ndisathire mkaka wofunda, wongofinya kumene, mu wozizira. Ndimauika kaye mu furiji m'kabotolo kakekake, ukazizira m'pamene ndimaphatikiza, ndipo pabotolo ndimalemba tsiku la mkaka woyambawo. Mwana akumwa bwinobwino, m'mimba muli zii.

Chimene chinandidetsa nkhawa poyamba n'kuona mkaka utagawikana, mafuta atayandama pamwamba. Sikuti wawonongeka, mukangopukusa botolo pang'onopang'ono umasakanikirananso. Apongozi anga, amene amatsala ndi mwana, ankafuna kuuwiritsa pa mbaula ngati wa ng'ombe. Tinagwirizana zongoviika botolo m'kapu ya madzi ofunda, kenako n'kudontheza pang'ono pamkono kuti timve kutentha kwake.

Kwa amene adzafunse mawa: pamtetete usapitirire maola 4, ndipo ndi kutentha kwa mu Okutobala ine sindidikira n'komwe. Mu furiji umakhala masiku 4, koma muuike mkati kwenikweni, osati pachitseko. Mu fuliza umafika miyezi 6. Ukasungunuka mu furiji, mwana amwe pasanathe maola 24, osauumitsanso. Wotsala m'botolo akamwa, pakapita maola 2 tayani, ngakhale kuti zimapweteka mtima. Magetsi akazima ndimausamutsira mu cooler box yokhala ndi madzi oundana, ndipo sinditsegulatsegula.